Musawauze Amayi Njira

Lokeshoni Yatsopano,
Sozibele.
Juni, 1957.

Akulu anga a Lyson,

Timuoneni kumeneko ku Kande. Mweuli nonse pakhomo? Mwendo uja munkadandaula nawo nthawi yamvula watani? Nanga amayi, chifuwa chinawasiya? Ife kuno Chiuta akutisunga. Mlamu wanu Florence ndi ana ali bwino, kungoti kuzizira kwa mwezi uno kwatilowa m'mafupa, ndipo wamng'onoyu mphuno yake sikuuma.

Kalatayi ndalemba Chinyanja dala, osati Chitonga chathu, kuti mukamawerenga pakhonde amayi asatolepo zonse nkudziwa kuti ana awo akukangana. Zolakwika mukhululuke. Sukulu munapita ndinu, ine ndinaphunzirira pa zikwangwani za m'misewu. Koma zimene ndikufuna kunena zimveka.

Kalata yanu ndinalandira. Mwalemba kuti amayi anyamuka mwezi wamawa kudzaonetsa maso kwa dokotala monga tinapangana, ndipo owaperekeza ndi mlongo wathu Prisca. Pamenepo ndinathokoza, ndinati yewu. Kenaka mwalemba kuti ndisavutike kukawachingamira ku siteshoni, ndisajombe kuntchito, chifukwa njira mwawaphunzitsa kale ndipo Prisca wailoweza ngati katekisimu. Pamenepo mpamene ndinaponya kalata pansi. Florence anaitola nkuiyika pamwamba pa kabati mpaka mtima wanga utatsika. Sunatsike kwenikweni, koma ndalemba.

Prisca sanapitirirepo doko la Nkhata Bay chibadwire. Amayi saona nkhope ya munthu mpaka atawayandikira ngati akufuna kuwanong'oneza. Anthu awiri amenewa mukufuna kuwatsitsa m'sitima pakati pa tawuni ya Sozibele, m'dziko la eni, ndi njira imene munapatsa malume a Fanuel?

Ndikudziwa kuti za malume simunamve, chifukwa anandipempha kuti ndisalembe, akuchita manyazi. Ndinawauza pamaso kuti ndilemba. Ine sindibisa chinthu chimene chingaphe munthu wina.

Njira imene munawapatsa anandibwerezera yonse. Munati akatsika sitima azungulire kuseri kwa siteshoni, adumphe njanji pa kanjira ka oyenda pansi, phiri alisiye kudzanja lamanja, atsetsereke mpaka pa kamtsinje. Akawoloka pamiyala akhotere kunyanja, ayende mpaka aone mtengo wa mabulosi, ndipo pamenepo angofuula kuti timuoneni, ayankhidwa Chitonga ndipo wina awafikitsa kwa Killion. Njira imeneyo ndikuidziwa. Ndi imene munandiyendetsa inu mu 1941, mutandinyamulira kasutikesi kanga ka malata, ine ndikungoyasama. Inali njira yabwino. Koma inafa, akulu anga, ndipo maliro ake simunabwere.

Kuseri kwa siteshoni malume anapeza waya wotalika kuposa munthu. Anautsata poganiza kuti utha posachedwa, koma unawaperekeza mpaka pa chipata cha fakitale ina, pomwe mlonda anawathamangitsa ngati wakuba. Phiri linabisala kuseri kwa nyumba zosanja ndi machumuni. Kamtsinje kaja anakadutsa osadziwa, chifukwa masiku ano kakuyenda m'ngalande ya simenti pansi pa msewu. Dzuwa linali paliwombo, losadziwika kumene latulukira. Ndiye munthu wamkulu uja, mkulu wa mpingo, thumba la ufa wa kondowole lili pamutu, anayamba kuimitsa anthu nkumawafunsa kuti kodi kunyanja nkuti.

Inu ndi ine tikati kunyanja timanena kotulukira dzuwa, ngakhale tili m'dziko lopanda ndi chithaphwi chomwe. Tinabadwa choncho. Masiku anu Atonga onse a kuno ankalankhula motero, ndipo panalibe cholakwika, chifukwa Sozibele analibe nyanja yoti isokoneze munthu. Koma inu mutapita kwathu azungu anatseka mtsinje kutali kunja kwa tawuni, madzi nkudzaza chigwa chonse, ndipo anthu akuwatcha nyanja. Nyanja imeneyo ili kolowera dzuwa. Mwamva? Kolowera dzuwa!

Malume anakumana ndi mwini dziko lino, bambo wina wa mtima wabwino. Mawu akuti nyanja m'chinenero chawo sasiyana kwenikweni ndi athu, choncho anamva bwinobwino. Anawamvera chisoni, nkuwakweza pa lole ya njerwa imene inkapita chakomweko. Malume akuti ali pamwamba pa njerwa ankangoti Sozibele wakula, Lyson sanandiuze kuti nkutali chonchi. Nyumba zinatha, kunabwera tchire, iwo akuyang'anabe mtengo wa mabulosi. Lole inawatsitsa pafupi ndi madzi nkupitirira ulendo wake.

Chinawapulumutsa nchoti pali mkulu wina wa ku Usisya, dzina lake Gresham, amene amakonza mabwato a azungu kumeneko. Akuti anamva munthu akukalipira madzi m'Chitonga, akuwafunsa kuti ndi nyanja yanji yopanda mafunde, yooneka tsidya, yonunkha matope. Gresham anawasunga m'kanyumba kake mpaka Lamulungu, nkubwera nawo ku tchalitchi kumene timakumana a kwathu. Ine ndikulowa ndi Baibulo m'khwapa, ndinangoona malume ali pabenchi lakumbuyo, thumba la kondowole ali nalo pamiyendo ngati mwana wokabatizidwa.

Anthu anaseka mpaka m'busa anachita kugogoda tebulo. Pano aliyense akuwatcha a Kunyanja. Ine sindinaseke. Masiku onsewo ndinkagona tulo tabwino, chifukwa sindinkadziwa nkomwe kuti malume ali panjira. Simunandilembere, poti munati njira akuidziwa. Akanafera m'tchire lija, inu mukanamati ali kwa Killion, ine nkumati ali ku Kande, mpaka liti? Chimenechi ndicho chikundiotcha. Pano ali pakhomo panga, sapita ngakhale kogula fodya okha. Amangokhala pakhonde ngati nkhuku yachilendo yomangidwa mwendo.

Tsopano ndikuuzeni za tawuni ino, poti inu mukuganiza kuti inaima tsiku limene munakwera sitima mu 1946, ikudikira kuti mudzabwere.

Sozibele wanu anali ngati ukonde. Pakati pa tawuni misewu inali yowongoka, yopingasana, iliyonse yomangika ku inzake. Ukaphonya pokhotera, unkakhota patsogolo nkukatulukira pomwepo. Ukatuluka m'misewu unkalowa m'tinjira ta m'udzu timene tinapondaponda tokha, ndipo tonse tinkakafika penapake: kumsika, kumanda, kumafakitale, kwa azungu kumene anzathu ankaphika. Lokeshoni inali pafupi, munthu ankachoka kuntchito nkufika kunyumba thukuta lisanaume. Mbali ya pakatiyo ikadalipo, sindikana. Koma yatsala ngati kachigamba pa chinsalu chachikulu.

Nkhondo yaikulu ija itatha kunabwera mafakitale ena ambiri, ndipo fakitale iliyonse inabwera ndi kanjanji kake ndi mpanda wake. Tinjira tija tinadulidwa chimodzichimodzi. Umadzuka m'mawa kutsata njira imene wayenda zaka zambiri, nkupeza anthu akukumba maenje a mizati pakati pake. Mawa lake waya. Palibe amene anafunsa kuti oyenda pansi adzera kuti, chifukwa ojambula misewu sayenda pansi.

Kenaka tawuni inayamba kuyenderera ngati mafuta otayikira pansi. Famu ija munkapita Loweruka kukagula chambiko, pano ndi nyumba za azungu zokhazokha, iliyonse ndi bwalo loti kwathu munthu angalimemo chinangwa cha chaka chonse. Kuseri kwake kuli zina, kuseri kwa izonso zina. Ntchito yanga ikadali ija yoperekera buledi panjinga, choncho ndimazionera pafupi. Misewu ya kumeneko siyowongoka. Imapinda ngati mbedza, ina imazungulira nkukubwezera pomwe unayambira, ndipo yambiri imangothera pakhomo la munthu, galu ali pomwepo kukudikira.

Misewu yothera panjirayi ife a kwathu tinaitcha mono. Inu ndinu msodzi, sindichita kufotokoza. Pakamwa pake mpotakasuka, pokongola, pali ndi maluwa omwe. Ukalowa umapalasa ndi mtima wonse, kutsogolo nkupeza patsekedwa. Nyumba imene ukufuna ukuiona apo, utsi wa kukhitchini kwake ukukupeza, koma pakati pali mpanda wa minga. Umatembenuza njinga, dengu lodzaza, nkubwerera konse kumene wachokera kukafuna pakamwa pa mono wina. Azungu akuti amakonda choncho kuti pakhomo pasamadutse anthu osawadziwa. Anthu osawadziwawo ndife, amene timawabweretsera buledi wa m'mawa. Akachedwa buledi, wokalipiridwa ndine.

Ndiye mumve bwino: ine, amene ndapalasa njinga m'tawuni ino kuyambira muli konkuno, mwezi sutha ndisanakodwe m'mono watsopano. Ngati ine ndikusochera, Prisca ndiye atani?

Kumene tikukhala ife nkoipa kuposa pamenepo. Ndinakulemberani kuti anatisamutsa, koma ndikuona kuti munaganiza kuti tangosuntha mzere umodzi. Iyayi. Lokeshoni yatsopanoyi ili kutali, kuseri kwa mafakitale ndi minda, kotero kuti munthu wopanda njinga kapena wosakwera basi amafika miyendo italemera. Msewu wolowera ndi umodzi, wotulukira ndi womwewo. Lokeshoni yonse ndi mono umodzi waukulu, ndipo m'kati mwake muli timiono ting'onoting'ono. Nyumba zonse nzofanana, chitseko chimodzimodzi, zenera limodzimodzi, mtengo palibe ndi umodzi womwe woti munthu azindikirirepo. Pali manambala okha, ndipo manambalawo sayenda motsatana monga amawerengera ana kusukulu. Amathera mu mzere uno nkukapitirira kwina kumene sukuganizako.

Mukumukumbukira Rodgers wa ku Sanga, uja munkaimba naye kwaya? Nyumba yake yaperekana msana ndi yanga. Akatsokomola ndimamva, Florence ndi mkazi wake amapatsirana mchere pamwamba pa waya. Koma ndikafuna kukakhala pampando wake ngati munthu, ndiyenera kutuluka mu mzere wathu, kutsata ngalande, kuzungulira bwalo la mpira, nkulowa pakamwa pa mzere wawo. Tinaboola waya kuti tizidutsa, akapitawo a lokeshoni anabwera nkutseka. Tinaboolanso, anatsekanso. Pano timangocheza chiimirire, wina uku wina uko, ngati tikuzonda wandende.

Choipitsitsa chinachitika pa maliro a mayi wina wa ku Mpamba. Manda ali pafupi, mitanda yake imaoneka tikaima kumapeto kwa lokeshoni. Onyamula bokosi anatsata mzere umene unkaloza kumandako, nyimbo ili pakamwa, khamu lonse pambuyo. Kutsogolo anapeza mpanda. Akulu anga, tinabwerera ndi maliro. Tinatembenuza bokosi pakati pa msewu, anthu akupanikizana, nyimbo nkuduka. Kwathu munaonapo maliro akubwerera panjira? Amuna ake a malemuyo mpaka lero sanena za tsiku limenelo. Onyamula bokosi aja anali anthu okhala konkuno, oona ndi maso onse awiri.

Kwathu munthu sasochera, ndiye nchifukwa chake simukumva zimene ndikunena. Njira ndi imodzi, yotsata gombe. Ukapita ku Chintheche nyanja ili kumanja, pobwerera ili kumanzere. Ukasiya njira pang'ono umamva mafunde, ukafunsa mwana aliyense akuuza kuti kwa auje nkuti. Amayi ngakhale maso atha amayenda okha mpaka ku Bandawe ndi mapazi okha, chifukwa njirayo inalipo asanabadwe ndipo siinasunthe. Kuno njira imasuntha munthu ali m'tulo.

Malume atafika, ndinatenga njinga Lamulungu lina masana kukafuna mtengo wanu wa mabulosi. Ndinati mwina ndine wokokomeza, ndikaone ndi maso. Pamene panali nyumba zija pano pali zinyumba zazitali zogonamo amuna osakwatira, mazanamazana, a mitundu yonse. Ndinafunsa za mtengo, palibe anaudziwa. Nkhalamba ina yosoka nsapato ndiyo inandilozera chitsa kuseri kwa bafa, chimene amamenyerapo zovala pochapa. Kanjira kathu ndinakapezako kachidutswa, pakati pa mipanda iwiri, kodzaza zitini. Ndinakatsata ndikukankha njinga, kanathera pakhoma. Ndinaima pamenepo nkukumbukira momwe munkandiuzira kuti ndisamayang'ane m'mwamba ngati mbuzi, anthu angadziwe kuti ndine mlendo. Ndinafuula timuoneni kuti ndione. Anandiyankha munthu wina pazenera m'chinenero chimene sindichidziwa, ndipo sikunali kulonjera.

Pamenepo mpamene mukutumiza amayi.

Ndamva kuti anthu ofuna kubwera kuno amakupezani pakhonde, wina ndi nsomba, wina ndi nkhuku, inu nkumajambula Sozibele pamchenga ndi kamtengo. Sindikuchitirani nsanje. Munaidziwa tawuni ino kuposa ine pa nthawi yanu, ndipo popanda inu bwenzi ine ndili kupalasa bwato mpaka lero. Simbani za Sozibele mmene mungafunire. Simbani za hotela ija munkaperekera zakudya mutavala zoyera, za mpira, za magule a Loweruka. Koma kusimba nkwina, kuloza njira nkwina. Amene mwawatumiza chaka chino ndi angati? Malume tawapeza chifukwa amakalipa mokweza. Enawo anafika? Munafunsapo?

Pempho langa ndi limodzi, ndipo si la telegalamu yokha ayi. Telegalamu mutumize ndithu, ku positi ya ku Chintheche si kutali, mungonena tsiku limene akwera sitima ya pamadzi, zotsalazo ndiwerengera ndekha. Ndizikakhala ku siteshoni sitima iliyonse yochokera kwathu ikamafika mpaka nditawaona. Abwana akakana, akane, buledi akaperekere okha aone mono mmene umakomera.

Koma amayi mukuwadziwa. Akangodziwa kanjira pang'ono sakhala pansi. Adzasuzumira uku ndi uku, ndikachedwa pang'ono adzamuuza Prisca kuti tisamuvutitse mwana ali pantchito, tiyeni tiziyenda pang'onopang'ono, Lyson anatiuza njira. Prisca sangawakanize, palibe anawakanizapo. Ine ndikawalembera kuti njira imeneyo kulibe, adzati Killion ndi waphuma kuyambira ali mwana, Lyson ndiye amadziwa. Kwa iwo mawu anu amatha nkhani. Nchifukwa chake sindingathe kukonza izi ndili kuno.

Ndiye pitani mukakhale pamphasa pawo, Prisca ali pomwepo, munene ndi pakamwa panu kuti njira ya ku Sozibele simukuidziwanso. Musati mwina yasintha pang'ono. Musati akasochera afunse. Munene kuti simukuidziwa, ndipo zimene munawaphunzitsa aziiwale. Muwauze kuti akatsika akhale pa katundu wawo pomwepo, pansi pa denga la siteshoni, asatsate munthu aliyense ngakhale wolankhula Chitonga chokoma bwanji, mpaka atamva mawu anga. Ndipo mawu akuti kunyanja awasiye pa doko, adzawatenga pobwerera.

Ndikudziwa kuti nzowawa kwa munthu amene mudzi wonse umamutcha mwini Sozibele. Anthu a pakhonde aja akamva, mwina nsomba zichepa. Koma ndinu nokha amene mungawakhazike amayi pansi. Mukafuna kundikalipira chifukwa cha kalatayi, kalipani, pepala kuno lilipo lambiri ndipo ndiyankha. Koma muyambe mwapita pamphasa paja.

Mupereke moni kwa alamu anga a Lydia, muwauze kuti nsalu yawo adzabwera nayo Prisca pobwerera. Moni kwa ana onse, kwa azakhali a Edith, ndi kwa akulu a mpingo. Florence akuti amayi asanyamule mphasa, iliko, koma usipa wouma asaiwale. Rodgers wapereka moni pamwamba pa waya. Malume a Fanuel akuti ndikuuzeni kuti akadzabwera mukawadikire kunyanja, ali nanu mawu, ndipo akuti musafunse kuti nyanja iti.

Kwa amayi munene kuti dokotala wa maso ndalankhula naye, akuwadikira, ndipo adzukulu awo akufunsa tsiku ndi tsiku. Muwauze kuti ulendo uno asandifunefune. Akhale pansi, wofunafuna ndikhale ine.

Tsalani bwino. Chiuta akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu, waphuma yemwe uja,
Killion